Kuphunzitsa Mahatchi Opuma pa Mipikisano Ntchito Yatsopano

Mahatchi a mtundu wa Thoroughbred amatha kuyamba mipikisano yothamanga ali ndi zaka 2, ndipo ambiri amapuma asanafike zaka 10 chifukwa cha kuvulala mitsempha ya m'miyendo kapena kuchepa liwiro. Popeza hatchi imakhala ndi moyo zaka 25 mpaka 30, kuitaya pa msinkhu umenewu ndi nkhanza. N'chifukwa chake ku Britain kunakhazikitsidwa bungwe la Retraining of Racehorses mu 2000 kuti mahatchiwa azipeza ntchito ina.

Poyamba hatchi imasiyidwa kubusa kwa milungu kapena miyezi kuti thupi lizizire, ndipo chakudya chambewu chimachepetsedwa pang'onopang'ono mpaka itazolowera msipu. Chovuta chenicheni ndi kuiiwalitsa zakale. Kumpikisano, wokwera amakwezedwa pamsana hatchi ikuyenda, choncho siidziwa kuima chilili podikira munthu. Ukakoka zingwe za pakamwa, mahatchi ambiri amakankha chitsulo cha m'kamwa n'kuwonjezera liwiro m'malo moima. Miyendo ya wokwera ikagunda m'nthiti mwake, hatchiyo imadzidzimuka, chifukwa okwera a mipikisano amapinda mawondo pamwamba penipeni pa chishalo. Zonsezi zimafuna mphunzitsi wodekha, wosathamangira zotsatira.

Ikazolowera, hatchi imalowa masewera odumpha zotchinga, a polo, kapena kungoyendetsa anthu m'njira zakumidzi. Mwachitsanzo, hatchi yotchedwa Kauto Star, imene inapambana mpikisano wa Cheltenham Gold Cup mu 2007 ndi 2009, itapuma mu 2012 inaphunzitsidwa dressage, masewera oyenda mwadongosolo motsatira zizindikiro za wokwera.