Mbiri ya Kusunga ndi Kubwerera M'mbuyo mu Time Warp

Kuyerekezera zochitika pa kompyuta, monga kutera kwa ndege pabwalo kapena kuyenda kwa mauthenga a telefoni, kale kunkachitika ndi purosesa imodzi yomwe inkatenga zochitikazo motsatira nthawi yake. Ntchitoyi itayamba kugawidwa kwa mapurosesa ambiri, panabuka vuto. Purosesa yaliwiro inkatha kufika pa zochitika za 10 koloko, kenako n'kulandira uthenga wa 9 koloko kuchokera kwa inzake yochedwa. Mu 1979, K. Mani Chandy ndi Jayadev Misra anati purosesa izidikira kaye mpaka itatsimikiza kuti palibe uthenga wotsalira m'njira. Kudikirako kunkadya nthawi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, David Jefferson ndi Henry Sowizral a ku RAND, ku California, anabweretsa njira yotchedwa Time Warp. Purosesa isadikire, ikazindikira kuti yapupuluma, ibwerere m'mbuyo ndi kutumiza mauthenga ofafaniza omwe inatumiza molakwika. Koma kuti ibwerere, iyenera kukumbukira mmene zinthu zinalili isanalakwitse, ndipo apa m'pamene panagona nkhani kwa zaka pafupifupi makumi awiri.

Poyamba pulogalamu inkakopera zonse isanagwire chochitika chilichonse. Njirayi ndi yosavuta koma yowononga, ngati mphunzitsi wolembanso kaundula yense chifukwa mwana mmodzi wajomba. Memory inkadzaza msanga, ngakhale kuti makope akale ankafufutidwa mapurosesa akagwirizana za nthawi yomwe palibenso angabwerere kupitirira pamenepo.

Cha m'ma 1990, ofufuza monga Yi-Bing Lin ndi Edward Lazowska anawerengera phindu la kukopera mwa apo ndi apo. Ikafuna kubwerera, purosesa imatenga kope lomaliza loyenera, n'kubwerezanso zochitika zapakatipo osatumiza mauthenga. Makope akatalikirana, kubwerezako kumatalika. Akathithikana, kukopera kumalemera. Mu 1994 Robert Rönngren ndi Rassul Ayani anakonza zoti pulogalamu izisintha yokha mpatawo ikuyenda. Ena anasankha kulemba zosinthidwa zokha, ndiye kuti malo ake ndi nambala yomwe inalipo kale. Richard Fujimoto ndi anzake anafika mpaka pojambula kachipangizo kapadera kochita ntchitoyi, koma sikanafalikire.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1999, pomwe Christopher Carothers, Kalyan Perumalla ndi Fujimoto anaonetsa kuti zambiri sizifunika kusungidwa n'komwe. Ngati chochitika chinaonjezera 1 pa chiwerengero cha ndege, pobwerera chimangochotsapo 1. Nambala yomwe yalembedwa pamwamba pa inzake ndiyo ilibe pobwerera, choncho yakaleyo imasungidwabe. Pulogalamu ya ROSS ya ku Rensselaer Polytechnic Institute inamangidwa pa maganizo amenewa, ndipo mu 2013 inayenda pa kompyuta ya Sequoia ku Lawrence Livermore pa mapurosesa pafupifupi 2 miliyoni, ikugwira zochitika zoposa 500 biliyoni pa sekondi. Mmodzi mwa ochita kafukufukuyu anali Jefferson yemweyo.