Mudzi Umene Dzina Lake Linasanduka Chitonzo

Madzulo ano tiwolokera kutsidya kwa nyanja, ku dziko la Malaysia, kumene kuli mudzi wotchedwa Tanjung Rambutan, pafupi ndi mzinda wa Ipoh m'chigawo cha Perak. Dzinali n'lokoma, pakuti rambutan ndi chipatso chofiira, chaubweya kunja koma chotsekemera m'kati. Komabe munthu wa kumeneko akauza mnzake kuti apite ku Tanjung Rambutan, sakumuitanira kukadya zipatso ayi. Akumunena kuti mutu wake suli bwino. Tiyeni tione m'mene dzina la mudzi linafikira pokhala chotukwana.

Kale, Azungu asanakhazikitse ulamuliro wawo, mtundu wa Amalay unali nawo kale matanthauzo ake a matenda a maganizo. Munthu akayamba kulankhula zosamveka, kapena kukhala duu masiku ambiri osadya, abale ake ankati mzimu woipa wamuloŵa, kapena wina wamulodza, kapena semangat, ndiye kuti mphamvu ya moyo wake, yamuthaŵa. Ankapita naye kwa sing'anga wawo, amene amatchedwa bomoh. Ku Kelantan kunali mwambo wa main puteri, wochitika usiku ndi ng'oma ndi kaligo wawo wotchedwa rebab. Sing'anga ankavina, namafunsa mizimu, mpaka wodwalayo nayenso adzuke n'kuvina pamaso pa mudzi wonse. Mai wina wophunzira za miyambo, Carol Laderman, anafotokoza m'buku lake la mu 1991 kuti asing'angawo ankatchulanso angin, kapena kuti mphepo ya m'kati mwa munthu, imene imadwalitsa mwini wake akaitsekereza. Sindikunena kuti onse ankachira. Koma tazindikirani ichi: mlandu sunali pa wodwala, ndipo iye sankachoka pakati pa abale ake.

Chimene chinadabwitsa alendo ochokera ku Ulaya ndicho amok. Mwamuna wofatsa, atakhala ndi chisoni kapena manyazi kwa masiku angapo, ankadzidzimuka n'kutola mpeni, nayamba kubaya aliyense wokumana naye mpaka anthu amugwire kapena amuphe. Eni dziko ankati mzimu wa kambuku wamugwira. Angerezi sanafune kumva zimenezo. Mu 1846, ku Penang, mmisiri wina womanga nyumba, amene mkazi wake ndi mwana wake anali atamwalira, anapha anthu angapo mwa njira imeneyi. Woŵeruza, Sir William Norris, analamula kuti anyongedwe, ndi kuti mtembo wake uduladulidwe, usaperekedwe kwa abale kuti akauike m'manda. Cholinga chinali kuopseza ena. Patapita zaka pafupifupi 50, mu 1893, dokotala W. Gilmore Ellis wa ku Singapore analemba za amok monga nthenda yofunika kuifufuza. Motero m'zaka zoŵerengeka munthu mmodzimodziyo anatchedwa wogwidwa ndi mzimu, kenaka chigaŵenga, kenaka wodwala.

Wodwala amafuna chipatala, ndipo mu 1911 boma la atsamunda linatsegula chipatala chachikulu cha odwala misala ku Tanjung Rambutan, woyang'anira wake woyamba ali Dr W. F. Samuels. Chigwa cha Kinta, kumene kuli mudziwu, chinali chodzaza ndi migodi ya tini, ndipo m'dzikomo munali khwimbi la antchito ochokera ku China ndi ku India, okumba migodi ndi osema mitengo ya mphira. Mlendo wotere akasokonezeka mutu analibe mbale womusunga, apolisi ankangomutola. Odwala amene anali ndi mphamvu ankalima m'minda ya chipatalacho. Koma mankhwala enieni kunalibe, pakuti oyamba othandiza pa nthenda zoterezi anatulukira m'zaka za m'ma 1950. Ambiri oloŵa sankatulukanso. Chipatala china chinamangidwa ku Tampoi, m'chigawo cha Johor, m'zaka za m'ma 1930. Pamene Ajapani analanda dzikolo, kuyambira 1942 mpaka 1945, odwala ochuluka anafera m'kati ndi njala ndi matenda.

Apa m'pamene maganizo a anthu anatembenukira. Nthenda imene kale inkavinidwa pabwalo tsopano inali ndi mpanda ndi loko. Liwu lakuti gila, lotanthauza wamisala, linalemera kwambiri, ndipo banja lokhala ndi munthu ku Tanjung Rambutan linkabisa, poopa kuti ana ake aakazi sadzapeza owafunsira. Ife sitingadabwe nazo. Nafenso timadziŵa m'mene dzina la Zomba limatchulidwira m'nthabwala, ndipo malo osungira odwala misala kumeneko anayamba mu 1910, m'manja mwa boma lomwelo la Angerezi, chaka chimodzi chokha cha ku Perak chisanatsegulidwe.

Dziko litalandira ufulu mu 1957, madokotala anayamba kuyesa kugwetsa mpandawo. Anatsegula zipinda za odwala maganizo m'zipatala wamba, kuti munthu azilandira chithandizo pamalo pomwe amalandira wa malungo. Mu 1970 bungwe la Befrienders linayamba kumvetsera pa telefoni anthu otaya mtima mu Kuala Lumpur. M'zaka zomwezo maina a zipatala anasinthidwa: cha ku Tanjung Rambutan chinakhala Hospital Bahagia, ndiye kuti chipatala cha chimwemwe, ndipo cha ku Tampoi chinakhala Hospital Permai. Maina okoma ndithu, koma pakamwa pa anthu sipanasinthe msanga.

Mizimu nayo sinasamuke. M'zaka za m'ma 1970, atsikana ochokera m'midzi amene ankagwira ntchito m'mafakitale a zipangizo za magetsi ankagwa pansi ambiri nthaŵi imodzi, akukuwa kuti aona ziŵanda. Eni mafakitale, ena a ku America ndi ku Japan, ankaitana bomoh kudzatsirika nyumbazo kuti ntchito ipitirire. Aihwa Ong, m'buku lake la mu 1987, anaonetsa kuti kukuwako kunali kogwirizana ndi kutopa ndi nkhanza za akapitao. Ndiganiza kuti m'nkhaniyi muli chinsinsi cha zonse. Kunena kuti mwana wathu wagwidwa ndi chiŵanda kumabweretsa chifundo cha anansi. Kunena kuti ndi gila kumawathamangitsa. Nchifukwa chake mabanja ambiri amayambira kwa bomoh, kapena kwa mphunzitsi wa Chisilamu woŵerengera wodwala mau a Korani, kapena ku kachisi ngati ali Atchaina kapena Amwenye, nafika kwa dokotala nthenda itakula. Sindiwo umbuli wokha. Akuteteza dzina la banja.

Malamulo anatsatira pang'onopang'ono. Lamulo la atsamunda la mu 1952 linaloŵedwa m'malo ndi lina la mu 2001, limene linayamba kugwira ntchito mu 2010. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo anapeza mu 1996 kuti akulu 10.7 mwa 100 alionse anali ndi vuto la maganizo. Mu 2015 chiŵerengerocho chinafika pa 29.2, pafupifupi mmodzi mwa atatu. Anthu ochuluka chotero sangatsekeredwe m'mpanda umodzi. Panatsala chigawo 309 cha malamulo a milandu, chimene chinkati munthu woyesa kudzipha akhoza kumangidwa mpaka chaka chimodzi, kapena kulipitsidwa chindapusa. Taganizani, munthu wotsitsimuka m'chipatala n'kupeza wapolisi atakhala pambali pa bedi lake. Nyumba ya Malamulo inavomereza kuchotsa chigawo chimenechi mu 2023, patatha zaka 177 kuchokera pamene mmisiri wa ku Penang uja ananyongedwa.