Siteshoni ya Luchenza ndi Tiyi wa ku Thyolo

Njanje yochokera ku Port Herald, kumene lero kumatchedwa Nsanje, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo m'njiramo munamangidwa siteshoni ya Luchenza. Kale katundu wa m'minda ya Azungu ankayenda pamitu ya amtengatenga, ntchito yowawa ndithu imene ambiri ankaigwira kuti apeze ya msonkho. Tsopano mabokosi a tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje anayamba kukwezedwa m'sitima pa Luchenza, ndipo mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1935, ankafika kudoko la Beira osatsitsidwanso pamtsinje. Sitimayo inkatenganso makalata ndi apaulendo opita ku Limbe. Koma nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, tiyi anasamukira m'malole.