Msewu Anatsegula, Koma Ukwati Anatseka: Mbiri ya Tsankho la ku India M'buku la Arundhati Roy

Lero tiyeni tipite ku India. Mu 1997 mayi wa kumeneko, Arundhati Roy, anatulutsa buku lotchedwa The God of Small Things, ndipo linapata mphoto ya Booker chaka chomwecho. Pakatikati pa nkhani yake pali chibwenzi cha masabata awiri okha chimene chinaphetsa munthu ndi kupasula banja lonse. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyamba ndi mbiri.

Kuyambira kalekale anthu a ku India anagawidwa m'magulu obadwa nawo, amene pa Chingerezi amati caste. Mabuku akale a Chihindu amatchula magulu anayi: ansembe otchedwa Brahmin, mafumu ndi ankhondo otchedwa Kshatriya, amalonda otchedwa Vaishya, ndi antchito otchedwa Shudra. Kunja kwa onsewa kunali anthu amene ankaonedwa ngati odetsedwa, oti munthu asawakhudze n'komwe. Masiku ano ambiri a iwo amadzitcha ma Dalit. Gulu lako sunkasankha ayi. Unkabadwiramo, n'kuferamo.

Nanga magulu amenewa anakhalitsa bwanji zaka zonsezi osasakanikirana? B. R. Ambedkar, amene anabadwa mu 1891 m'banja la anthu osalidwawa, anayankha funsoli mu 1916 ali wophunzira pa yunivesite ya Columbia ku America. Iye anati mzati wa dongosolo lonseli ndi lamulo loti munthu akwatire kapena kukwatiwa m'gulu lake lokha. Mu 1936, m'kabuku kake ka Annihilation of Caste, anabwereza mfundoyi: kudyera limodzi sikokwanira, chimene chingagwetse mpandawu ndi kukwatirana. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa ndi imene imachititsa alembi a ku India kubwerera kawirikawiri ku nkhani ya chikondi choletsedwa.

Buku la Roy likuchitikira ku Kerala, kum'mwera kwa India, m'mudzi wa Ayemenem pafupi ndi tauni ya Kottayam. Deralo linali mu ufumu wa Travancore, kumene tsankho linali lokhwima kwambiri moti anthu a magulu apansi sankaloledwa kuyenda m'misewu yozungulira akachisi. Mu 1924 ndi 1925 anthu anachita zionetsero zamtendere ku Vaikom, ndipo Gandhi anafikako. Ina mwa misewuyo inatsegulidwa. Mu 1936 mfumu ya Travancore inalamula kuti Mhindu aliyense azilowa m'kachisi. Mu 1950 malamulo oyendetsera dziko, amene Ambedkar anatsogolera kalembedwe kake, anathetsa kusala kotereku pa ndime 17. Mu 1954 kunabwera lamulo la maukwati olembetsa kuboma mosayang'ana gulu kapena chipembedzo. Mu 1957 anthu a ku Kerala anavotera boma la chipani cha Chikomyunizimu, cholalikira kuti anthu onse ndi ofanana.

Tsono Roy anaika nkhani yake mu 1969, zonsezi zitachitika kale. Papepala nkhondo inali itatha. Tiyeni tione zimene zinali pansi.

Ammu ndi mayi wa ana amapasa, Estha ndi Rahel. Ukwati wake unatha, ndipo anabwerera kwa makolo ake. Banja lawo ndi la Akhristu akale a ku Kerala, amene amati mpingo wawo unayamba ndi mtumwi Tomasi, ndipo amadziona ngati apamwamba. Velutha ndi kalipentala waluso, amene amakonza makina onse pa fakitale ya jamu ya banjali, koma ndi wa gulu losalidwa la Paravan. Bukuli limatikumbutsa kuti anthu a magulu otere amene analowa Chikhristu pothawa tsankho anapatsidwa matchalitchi awoawo. Ubatizo sunafafanize chizindikiro chimene anabadwa nacho.

Chibwenzi cha awiriwa chitaululika, taonani amene anaimirira kudzateteza mpanda. Woyamba kuulula anali bambo ake a Velutha enieni, chifukwa mantha a mibadwo yambiri anali atawalowa m'mafupa. Mayi ake a Ammu anamulavulira Velutha kumaso, chonsecho mayi omwewa ankalekerera mwana wawo wamwamuna, Chacko, kugona ndi akazi ogwira ntchito pa fakitale, mpaka anamukonzera khomo lapadera. Azakhali, Baby Kochamma, anakanama kupolisi kuti Velutha anafuna kugwiririra Ammu. Velutha anathamangira kwa mkulu wa chipani, Comrade Pillai, poti anali membala, koma anabwezedwa pakhomo. Apolisi anamumenya amapasa a zaka zisanu ndi ziwiri akuona, ndipo anafera m'chitokosi. Ammu anathamangitsidwa pakhomo n'kukafera yekha m'nyumba yogona alendo ali ndi zaka 31. Mpingo unakana kuika maliro ake.

Apa ndiye pagona nkhani. Banja lachikhristu, chipani cha anthu osauka ndi apolisi a dziko lodzilamulira sagwirizana pa zambiri, koma pa nkhani iyi analankhula ndi pakamwa pamodzi. Velutha ankaloledwa kukonza makina ndi kupala mipando. Chimene sankaloledwa ndi kukhala mkamwini. Ndipo onani kusiyana kwa Chacko ndi Ammu: mwamuna wapamwamba akatsika kukafuna mkazi wapansi, mpanda sugwedezeka, mkazi wapamwamba akasankha mwamuna wapansi, ana obadwawo amasokoneza mzere wonse. N'chifukwa chake chilango chimagwera mkaziyo ndi mwamuna wosaukayo.

Roy sanali woyamba. Mu 1922 mlakatuli wa ku Kerala komweko, Kumaran Asan, analemba Duravastha, yonena za mtsikana wa Brahmin amene anakwatiwa ndi mnyamata wa gulu losalidwa la Pulaya. Mu 1935 Mulk Raj Anand anatulutsa Untouchable, nkhani ya tsiku limodzi m'moyo wa Bakha, mnyamata wokolopa zimbudzi. Roy nayenso anakwiyitsa anthu kwawo: ena a chipani anati wawanyoza, ndipo loya wina anamusumira kuti mutu wotsiriza wa bukuli ndi wolaula.

Mwina wina anganene kuti izi ndi nthano chabe. Kafukufuku wamkulu wa mabanja amene anachitika mu 2011 ndi 2012 anapeza kuti maukwati pafupifupi 5 okha pa 100 alionse ku India anali a anthu osiyana magulu. Mu 2018 mnyamata wachikhristu wa Dalit wa m'boma la Kottayam anabedwa n'kuphedwa chifukwa chofuna kumanga banja ndi mtsikana wa m'banja lodziona lapamwamba. Mu 2019 khoti linapeza anthu khumi olakwa, mmodzi mwa iwo mchimwene wa mtsikanayo.

Aphunzitsi anzanga, tikamaphunzitsa mbiri timakonda kulembetsa ana zaka za malamulo: 1936, 1950, 1954. Zakazo n'zoona ndipo anthu anazivutikira. Koma tiziwafunsanso ana kuti lamulolo linafika pati. Ku Travancore linafika pa msewu, pa kachisi ndi pa bokosi loponyera voti. Pa khomo la nyumba, pamene makolo amafunsa kuti mnyamatayo ndi mwana wa yani, linachedwa kulowa. Amene muli ndi bukuli m'laibulale ya pasukulu, liwerengeni ndi funso limeneli m'mutu.