Gombe la ku Chembe ndi madambo athu

Ife a ku Katete, Sinda ndi Vubwi timalankhula Chinyanja, chilankhulo cha anthu a kunyanja, chonsecho nyanja tilibe. Ambiri timangoidziwira m'mbale, usipa wouma ukafika pamsika. Koma likulu la Kalonga lisanakhale pa Mkaika, mafumu a Amaravi ankalamulira ali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, chakumwera kwa nyanja ya Malawi. Choncho nkhani ya gombe la nyanjayi si ya eni ake okha. Ndi ya kwathu kwakale, ndipo ikufanana ndi zimene zayamba kuchitika m'madambo athu.

Tiyambire pa mudzi wa Chembe m'boma la Mangochi, pamalo amene David Livingstone anawatcha Cape Maclear pokumbukira mnzake Thomas Maclear. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anafika pamenepa ndi sitima yotchedwa Ilala, motsogozedwa ndi E.D. Young, ndipo Dr Robert Laws anali nawo. Chilolezo chokhala pamalopo anakachitenga kwa mfumu Mponda, imene inkakhala kutali, kumene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja. Malungo anawasautsa, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kusiya manda a anzawo. Mu 1949 kunabwera alendo a mtundu wina: ndege za BOAC zotera pamadzi, zochokera ku England kupita ku Johannesburg, zinkaima pa Cape Maclear, apaulendo n'kugona pa hotela ya pagombe. Izi zinatha mu 1950. Alendo onsewa anabwera n'kupita, asodzi anatsala.

Chimene chinasintha moyo wa pa Chembe ndi chaka cha 1980, pamene boma la Malawi linakhazikitsa Lake Malawi National Park pofuna kuteteza mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, timene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Lamulo linaletsa kusodza m'madzi oyandikana ndi malo otetezedwa mpaka mamita 100 kuchokera kumtunda. Midzi monga Chembe, Msaka ndi Mvunguti sinasamutsidwe, inangozunguliridwa. Mayi amene ankatola nkhuni m'phiri la makolo ake anayamba kufunsidwa chiphaso.

Kutchuka kwa malowa kunakoka anthu ochokera mbali ziwiri. Alendo oona malo anachuluka, ndipo malo ogona anandanda m'mphepete mwa madzi, pamchenga womwewo pamene amayi amatsukira mbale, asodzi amasokera maukonde ndi kuyanika usipa. Nawo anthu a kumtunda anatsikira kugombe kudzafuna ganyu ndi malonda a nsomba. Mudzi unakula koma malire ake sanasunthe, chifukwa kumbuyo kuli phiri lotetezedwa, kutsogolo kuli madzi.

Nyanja inayankha ndi likodzo. Kale mabuku a alendo ankatama nyanja ya Malawi kuti ilibe matendawa, koma m'zaka za m'ma 1990 odwala anachuluka pa Chembe. Ofufuza, mmodzi wa iwo Jay Stauffer wa ku America, anapeza kuti nsomba zodya nkhono zinali zitachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka okokera kugombe, ndipo nkhono zofalitsa likodzo zinaswana. Mlendo akadwala amakamwa mankhwala kwawo n'kuchira. Mwana wa pamudzipo amabwerera m'madzi omwewo mawa lake.

Mu 2024 nyanja inadzaza kuposa mmene inachitira kwa zaka zambiri, n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi m'maboma ena a m'mphepete mwa nyanja. Eni malowa analoza chala chotsekera madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde, chimene chimasunga madzi opangira magetsi pa Shire. Akuluakulu oona za madzi anayankha kuti munthu sayenera kumanga pansi pa mzere wa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere. Nyanja inali itafikapo kale pafupifupi pamenepo mu 1980. Funso lathu n'lakuti: pamene maziko ankakumbidwa ndi bango ankadulidwa, bango lomwe ana a nsomba amabisalamo, mzerewo unali m'kabati ya yani?

Ku Salima kuli chilumba cha Mbenje, chimene mbiri yake inayenda njira ina. M'zaka za m'ma 1950, asodzi a utaka atayamba kukhamukirako, mfumu Makanjira inaika malamulo ake. Chilumba chimatsekedwa nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo potsegula pamakhala mwambo. Mowa, chamba ndi juga siziloledwa, akazi safikako, ndipo wolakwa amathamangitsidwa. Lamulo la akazi lija ena a ife sitingalivomereze, ndiponso tisaiwale kuti pa Mbenje palibe wogula malo omangapo hotela, choncho ntchito ya mfumu ndi yopepukirapo. Komabe malamulowa akhala zaka zoposa 60, pamene boma linadzayamba kupatsa asodzi mphamvu kudzera m'makomiti a pagombe m'zaka za m'ma 1990, chambo chitatha kale m'nyanja ya Malombe. Kusiyana kwake tikukuona apa: woika lamulo pa Mbenje amakhala pomwepo, ndipo nsomba zikatha anthu ake ndiwo amagona ndi njala.

Kuno kwathu gombe lathu ndi dambo. M'menemo ndi mmene muli madimba a tomato ndi repu, zitsime zosaphwa mu Okutobala, ndi msipu wa ng'ombe m'chilimwe. Kuchokera pamene Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, ofuna mapuloti achuluka, makamaka m'mbali mwa msewu wa Great East. Mwambo wa Kulamba umabweretsa khamu la anthu mu Ogasiti chaka chilichonse, ndipo onsewo amafuna pogona. Njerwa zimaumbidwa m'dambo, mchenga umakumbidwa mumtsinje, nyumba zikutsetserekera kumadzi pang'onopang'ono.

Malo ambiri otere akadali m'manja mwa mafumu ndi anyakwawa. Koma lamulo la malo la Zambia la 1995 limalola kuti malo a mfumu asandutsidwe a taitolo ya zaka 99, mfumu ndi khonsolo akavomereza. Pepalalo likatuluka, mfumu ilibenso mawu pa malowo, ndipo mayi amene ankatunga madzi pamenepo amapeza waya.