Mayina a M'kaundula Wathu: Mmene Mabanja Anamwazikira ndi Mmene Akupezanirana

Komiti yokonza chikondwerero cha zaka 50 itatipempha kulemba mbiri, tinatsegula bokosi lachitsulo la m'chipinda cha akulu a mpingo kufuna masiku: tsiku limene njerwa yoyamba inaumbidwa, tsiku limene udzu unatsitsidwa padenga n'kukhomapo malata. Zimenezo mwaziwerenga kale pa masamba ena a kabuku kano. Buku limene linatichedwetsa mpaka dzuwa kulowa ndi kaundula wa ubatizo. Pafupifupi tsamba lililonse lili ndi timawu ta m'mbali tolembedwa ndi manja a alembi osiyanasiyana: anasamukira ku Luanshya, anakwatiwa ku Mzimba, anatenga kalata yosamukira kupita ku Chipata, sakudziwika kumene ali. Titawerenga timawu timeneti tinaona kuti mbiri ya mpingo uno ndi mbiri ya mabanja amene anachoka, ndi ya ena ochepa amene anabwerera.

Kumwazikana sikunayambe ndi ife. Dziko lino la Lundazi ndi mphambano kuyambira kale. Achewa a kwa Mwase kuno ndi a kwa Mwase wa ku Kasungu ndi anthu amodzi, ndipo makolo athu ankapita wapansi kukalira maliro mbali inayo osapempha chilolezo kwa munthu. Atumbuka nawo ali ndi abale mbali zonse ziwiri. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana, nayenda mpaka ku Ufipa kumene mfumuyo inamwalira. Ana ake atagawikana, a M'mbelwa anakhazikika ku Mzimba, a Mpezeni kufupi ndi kumene kuli Chipata lero, ife tili pakati. Nkhondo za masiku amenewo zinachotsa ana m'midzi yawo n'kukawalera m'midzi ya Chingoni. N'chifukwa chake lero mumapeza a Phiri kapena a Nyirenda ovina ingoma, olowola ndi ng'ombe, amene mukawafunsa amayankha mosakayika kuti ndi Angoni, ndipo sakunama.

Kenaka anabwera azungu ndi malire awo. Anatsata mtunda umene umagawa madzi: mitsinje yothira m'Luangwa mbali ino, yothira m'nyanja ya Malawi mbali inayo. Pa pepala mzerewo ndi wooneka bwino, koma pansi unadutsa pakati pa minda ya anthu a bere limodzi. Wina amene lero amaonetsa mapepala pa Lusuntha kuti alowe pa Mqocha akupita kumudzi kumene anabadwira amayi ake. Uthenga Wabwino nawo sunafunse za mzerewo. Amishoni a Dutch anafika ku Magwero mu 1899, a Livingstonia analowa kuno kuchokera mbali ya Embangweni natsegula Chasefu mu 1922, ndipo aphunzitsi ndi alaliki amene ankatumidwa ankakwatira kumene atumidwako. David Kaunda, wobadwira ku Nyasaland, anatumidwa chotero ku Chinsali, ndipo mwana wake anadzakhala pulezidenti woyamba wa Zambia. Mu 1999 khoti lina linagamula kuti mwana yemweyo si nzika ya dziko lino chifukwa cha kumene makolo ake anachokera. Chigamulocho sichinakhalitse, koma tikuchitchula kuti tikumbukire kuti mndandanda wa makolo ukhoza kugwiritsidwa ntchito pothamangitsa munthu, osati pomulandira pokha.

Chimene chinang'amba mabanja athu koposa ndi msonkho. Boma la atsamunda linkafuna ndalama, ndipo m'mudzi munalibe ndalama. Amuna ananyamuka: ena ku mafamu a ku Southern Rhodesia ndi ku mgodi wa malasha wa Wankie, ena ku golide wa Lupa ku Tanganyika m'zaka za m'ma 1930, ena ku Johannesburg kudzera mwa Wenela, ndipo ambiri ku migodi ya mkuwa, ku Roan Antelope, Nkana, Mufulira ndi Nchanga. Ankati akupita zaka ziwiri, akagule njinga ndi bulangete. Amene sanabwerere tinawapatsa dzina limene mpaka lero nkhalamba zimalitchula motsitsa mawu: machona.

Muyenera kumvetsa mmene munthu ankasowera, chifukwa si onse amene anasowa mwadala. Kalaliki wolemba ntchito ankafunsa dzina, munthu n'kutchula lake. Akafunsa dzina lachiwiri, munthu n'kutchula dzina loyamba la bambo ake, osati chiwongo. Wina ankalembetsa ndi dzina la ubatizo limene kumudzi kunalibe womuitana nalo. Wina ankayenda ndi chitupa cha mbale wake. Wina anapatsidwa dzina lantchito ndi kapitawo, Foloko kapena Supuni, ndipo linamukanirira mpaka ana ake analitenga ngati dzina la banja. Choncho munthu mmodzi ankakhala ndi mayina atatu: la kumudzi, la ku tchalitchi ndi la ku mgodi. Kalata yolembedwa pa dzina la kumudzi inkabwerera, ndipo akumudzi ankangoti watitaya. Iye kumeneko, poona kuti palibe womulembera, ankatinso amutaya. Zambia inaletsa Wenela mu 1966, Malawi inaimitsa mu 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown, koma pofika nthawi imeneyo ambiri anali atakwatira kale kumeneko, ana awo akuyankhula Chibemba, Chishona kapena Chizulu.

Mpingo wathu unabadwa ufulu wa 1964 usanakalambe, ndipo zaka zake 50 zaona kumwazikana kwa mtundu wina. Migodi itayamba kufooka ndi kugulitsidwa, kugulitsa kumene kunatha mu 2000, amuna ochotsedwa ntchito anabwera ndi ana amene anali asanaonepo mudzi. Chaka chomwecho mafamu a ku Zimbabwe anayamba kulandidwa, ndipo zidzukulu za machona zinauzidwa kuti ndi alendo m'dziko limene zinabadwira. Za Edzi sitinena zambiri, pakuti palibe nyumba pakati pathu imene sinalire. Tingonena zimene kaundula akuonetsa: ana a mayi mmodzi, obatizidwa motsatana pa masamba oyandikana, maliro atatha anagawidwa ngati ziwiya, uyu kwa azakhali ku Lusaka, uyu kwa amalume ku Kitwe, wamng'ono kwa agogo kuno. Ena mwa iwo anakulira pa dzina la amene anawalera.

Tsopano tifotokoze chimene chinatitsegula maso. Ambiri a inu mukuikumbukira nkhaniyi, ndipo mayina sititchula, ngakhale eni ake atilola kuilemba. Mnyamata wina wochokera ku migodi anabwera kudzagwira ntchito ku Boma, nayamba kupemphera nafe. Anakondana ndi mtsikana wa m'kwaya yathu. Ankhoswe anakumana, zonse zinayenda mwadongosolo, ndipo tinalengeza ukwati Sabata loyamba popanda wodzutsa mutu. Sabata lachiwiri, titatuluka, mayi wina wokalamba wa m'Chigwirizano anatitsatira kuseri kwa tchalitchi. Anati wakhala akuyang'ana mnyamatayo mmene amayendera ndi mmene amasekera, ndipo anatipempha kuti timufunse dzina la agogo ake aakazi obereka amayi ake, dzina la kumudzi. Kunena zoona tinaona ngati ndi zovuta za nkhalamba. Tinafunsabe. Mnyamatayo sankalidziwa. Anaimbira foni amayi ake, iwo anatchula dzina, natchulanso mudzi ndi mfumu monga zinalembedwera pa chitupa cha NRC cha malemuwo chimene anasunga m'sutikesi. Tinatsegula kaundula. Dzinalo linalimo, pakati pa akhristu oyamba amene analowa ndi makalata mpingo utangokhazikitsidwa, ndipo pansi pake penipeni panali dzina la mng'ono wake, agogo a mtsikana uja.

Achinyamata ena anafunsa kuti vuto lili pati, popeza asuweni amakwatirana. Apa ndi pamene tinaona kuti ana athu aiwala kuwerenga chibale. Pa Chichewa, mwana wa mlongo ndi mwana wa mchimwene wake ndi asuweni, ndipo makolo ankawalola kukwatirana. Koma ana a akazi awiri a mimba imodzi si asuweni ayi. Ndi abale, a bere limodzi, ndipo zidzukulu zawo za mbali ya kuchikazi zili m'mbumba imodzi, pansi pa mwinimbumba mmodzi. Mnyamata uja ankafuna kukwatira mlongo wake. Ziwongo zawo zinali zosiyana chifukwa chiwongo timatenga kwa bambo, ndipo n'chimene chinabisa zonse. Akulu a mabanja onse awiri anakana kuti ukwati upitirire. Sitinalengeze kachitatu. Panali misozi yambiri, ndipo mnyamatayo anakhala miyezi osaponda pakhomo pa tchalitchi. Sitimudzudzula.

Chaka chotsatira amayi ake anabwera, koyamba m'moyo wawo, ndi abale awo awiri. Anapita kumanda, anaona pamene panali nyumba ya agogo awo, ndipo banja lonse linakhala pansi pa mtengo wa mango masiku awiri likuwerengana. Mphunzitsi wina wa m'banjamo analumikiza mapepala a makatoni n'kujambulapo mayina kuyambira kwa gogo mmodzi. Umenewo ndiwo msonkhano woyamba wa banja umene ife tinaitanidwa kukatsegula ndi pemphero. Kuyambira pamenepo mabanja angapo atsatira, makamaka mu August ndi September, zokolola zili m'nkhokwe, misewu ili youma. Ena amalumikiza ndi ulendo wa ku Kulamba ku Mkaika, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana kwa Kalonga Gawa Undi. Ena amalumikiza ndi kuika mwala pamanda. Ambiri amayambira pa gulu la WhatsApp, limene limathandiza kusonkha ndalama ndi kutumizirana zithunzi, koma foni siidziwa kuti uje anabadwa kwa mkazi wachiwiri. Zimenezo amadziwa ndi agogo amene alibe foniyo.

Tisanamizane kuti misonkhano imeneyi imakhala ya chimwemwe chokhachokha. Mkangano woyamba umabuka pa funso lakuti tiyambire pa yani. Mbali ya Chichewa imawerenga kuchokera kwa gogo wamkazi, mbali ya Chingoni ndi Chitumbuka imawerenga kuchokera kwa gogo wamwamuna amene analowola, ndipo mabanja athu ambiri ali ndi magazi onse awiri. Taonapo pepala limene a Nabanda onse analembedwa bwino koma amuna awo n'kusiyidwa ngati alendo odutsa, ndi lina limene akazi analembedwa Nya uje basi, popanda dzina lawolawo. Uphungu wathu ndi wakuti lembani mbali zonse ziwiri, ndipo mkazi aliyense alembedwe dzina lake, chiwongo chake ndi mudzi wa kwawo. Banja lija likanakhala ndi pepala lotere, ana awiri aja sakanafika pa ankhoswe.

Mkangano wachiwiri ndi munda. Wobwera akangoloza pamene ankalima agogo ake, amene akulimapo lero amayamba kumuyang'ana ndi diso lina. Ena obwera amafika ndi lamulo la chuma cha masiye la 1989 m'manja, limene limapereka magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa wamasiye, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena odalira malemuwo. Lamulolo ndi labwino ndipo lapulumutsa amasiye ambiri kwa olanda katundu, koma silikhudza malo a m'manja mwa mafumu. Nkhani ya munda ndi ya anyakwawa ndi mfumu. Ife timapempha kuti isakambidwe pa msonkhano woyamba. Mudye kaye nsima pamodzi, mudziwane nkhope, za munda mudzapite nazo kubwalo lake chaka china. Amene sanamvere uphungu umenewu anabalalika tsiku lachiwiri, mbuzi ili pamoto.

Pali nkhani yachitatu imene ikutikhudza monga akhristu. Ena amaopa kuti kufufuza makolo ndi chiyambi cha kuthira nsembe kwa mizimu. Mantha amenewo tikuwamva, ndipo pamene pakhala mowa wa mizimu ife sitikhalapo. Koma kutchula dzina la agogo si kuwapembedza. Mateyu akuyamba ndi mndandanda wa makolo a Ambuye wathu, ndipo muli akazi achilendo monga Rahabi ndi Rute, osabisidwa. Pa Ezara 2 timawerenga za mabanja amene anabwera kuchokera ku ukapolo ku Babulo koma analephera kuonetsa nyumba za makolo awo, ndipo ena a iwo anaimitsidwa pa unsembe. Amenewo ndi machona a m'Baibulo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa gome la Ambuye sitifunsa munthu pepala la makolo ake. Pakati pathu pali akhristu okhulupirika amene sadzapeza konse mudzi wa bambo awo, ndipo ena ana obadwa kunja kwa ukwati amene mapepala a mabanja amawalumpha dala. Pepala lolumpha mwana wotere musabwere nalo kwa ife kuti tilipempherere.

Kaundula wathu nayenso ali ndi mabala. Chiswe chinadya masamba a zaka zingapo bokosi lachitsulo lisanagulidwe, ndipo pena inki inafufutika ndi madzi a mvula. Mayi uja wa m'Chigwirizano, amene anazindikira mdzukulu wa mnzake poona mayendedwe, tinamuika m'manda chaka chatha, ndipo palibe amene anakhala naye pansi kulemba zonse zimene ankadziwa, ngakhale ife amene. Achinyamata a mpingo ayamba kujambula masamba otsalawo ndi foni ndi kukopera mayina m'buku latsopano. Pa masiku a chikondwerero padzakhala tebulo pakhonde la tchalitchi, ndi alembi awiri, kuyambira mapemphero a m'mawa atatha mpaka madzulo. Bwerani ndi khadi la ubatizo lakale, chitupa cha malemu, kalata yochokera ku migodi, chithunzi cholembedwa kuseri. Amene muli ndi agogo oyenda movutika, uzani mkulu wa mpingo wa dera lanu, alembi adzawapeza kunyumba Lolemba.