Kuwerenga ma declaration ovuta m'chilankhulo cha C

M'chilankhulo cha mapulogalamu a kompyuta chotchedwa C, declaration ndi mzere umene umauza compiler dzina la chinthu komanso mtundu wake. Mwachitsanzo, `int x;` ikutanthauza kuti x ndi nambala yathunthu. Vuto limabwera zizindikiro *, [] ndi () zikaunjikana mumzere umodzi. Mzere wotere sawuwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja ngati chiganizo wamba. Amayambira pa dzina n'kumatulukira kunja.

Chiyambi chake

Dennis Ritchie ndi amene anapanga C ku Bell Labs, m'dziko la United States, cha m'ma 1972. Iye anafuna kuti declaration izioneka mofanana ndi momwe chinthucho chidzalembedwere pochigwiritsa ntchito. Choncho `int *p;` ikunena kuti munthu akalemba `*p` apeza int, ndiye kuti p ndi pointer yoloza int. M'nkhani yake ya 1993 yofotokoza mbiri ya C, Ritchie anatchula mfundo ya Ravi Sethi yakuti mizere yambiri ikanaphweka nyenyezi ikanamalembedwa kumanja kwa dzina, koma pa nthawiyo kunali kutachedwa kale kusintha.

Zizindikiro zitatu

Nyenyezi, *, imalembedwa kumanzere kwa dzina ndipo imasonyeza pointer, chinthu chosunga adiresi ya malo ena mu memory. Mabulaketi a makona, [], amasonyeza array, mndandanda wa zinthu zamtundu umodzi. Mabulaketi ozungulira, (), akatsatira dzina amasonyeza function. Zizindikiro ziwiri za kumanjazi zimaposa nyenyezi mphamvu, choncho zimayamba kuwerengedwa ndi izo. Mabulaketi ozungulira alinso ndi ntchito ina yokuta nyenyezi pamodzi ndi dzina, kuti nyenyeziyo iwerengedwe poyamba.

Kawerengedwe

Njira yodziwika kwambiri ndi yoyambira pa dzina, kupita kumanja mpaka kukumana ndi bulaketi yotseka kapena mapeto a mzere, kenako kubwerera kumanzere mpaka pa bulaketi yotsegula. Akatuluka m'mabulaketiwo amabwerezanso chimodzimodzi, ndipo mtundu wolembedwa koyambirira kwa mzere ndi umene umawerengedwa pomaliza.

Mu `int *a[10];` kumanja kwa a kuli [10], choncho a ndi array ya ma pointer 10 oloza int. Mu `int (*a)[10];` bulaketi ikutsekereza njira ya kumanja, ndiye a ndi pointer imodzi yoloza array ya ma int 10. Pa kompyuta imene pointer imatenga ma byte 8, yoyambayo imadya ma byte 80 pomwe yachiwiri imadya 8 okha. Momwemonso `int *f();` ndi function yobweza pointer, koma `int (*f)();` ndi pointer yoloza function.

Chitsanzo chotchuka ndi function ya signal, yopezeka mu signal.h:

`void (*signal(int sig, void (*func)(int)))(int);`

Kumanja kwa dzina kuli mabulaketi, choncho signal ndi function yolandira zinthu ziwiri: int, ndi pointer yoloza function imene imalandira int koma siibweza kanthu. Nyenyezi ya kumanzere ikusonyeza kuti signal imabweza pointer. Kunja kwa mabulaketi kuli `(int)` kumanja ndi `void` kumanzere, kutanthauza kuti pointer yobwezedwayo imaloza function yamtundu womwewo.

C siilola function kubweza array kapena function ina, ndipo siilola array ya ma function. Zonsezi zimatheka kudzera mu pointer basi, n'chifukwa chake nyenyezi yokutidwa ndi mabulaketi imapezeka kawirikawiri.

Pomwe ambiri amalakwitsa

Mu `int* a, b;` nyenyezi ndi ya a yekha, ndipo b ndi int wamba ngakhale kuti nyenyeziyo yalembedwa moyandikana ndi mawu akuti int. Malo a const nawonso amasintha tanthauzo. Mu `const char *p;` zilembo zolozedwazo sizingasinthidwe kudzera mwa p, koma p ikhoza kuloza kwina. Mu `char *const p;` zilembo zikhoza kusinthidwa, koma p siingasunthe. Compiler imavomereza mizere yonseyi, choncho wolemba akasokoneza, cholakwikacho chimatha kudzaonekera patsogolo penipeni mu pulogalamu.

Zothandiza

Mawu akuti typedef amapatsa mtundu wautali dzina lalifupi. Munthu akalemba `typedef void (*handler)(int);` declaration ya signal imafupika n'kukhala `handler signal(int sig, handler func);` popanda kusintha tanthauzo.

Buku la The C Programming Language la Brian Kernighan ndi Dennis Ritchie, limene linatuluka koyamba mu 1978, lili ndi gawo la nkhaniyi m'kope lake lachiwiri la 1988, pamodzi ndi pulogalamu ya dcl yomasulira declaration m'mawu a Chingerezi. Pulogalamu ya cdecl imagwiranso ntchito yomweyi. Chilankhulo cha Go, chimene mmodzi mwa ochipanga ndi Ken Thompson yemwe ankagwira ntchito ndi Ritchie ku Bell Labs, chinatsata njira ina: dzina limayamba, mtundu n'kutsatira, ndipo mzere wonse umawerengedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja.